Tsiku Limene a Lackson Anasanduka Kavalo

Inu, tasenderani kuno. Minibasi ya ku Kabudula siidzadza msanga, ndipo nkhani ya a Lackson Kamphinda siyofunika kuinena mokuwa, chifukwa alamu awo amagulitsa mbatata patsidya pomwepa.

A Lackson amaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nsaru. Munthu wake ndi wamtali, woonda ngati nsungwi, wa tayi ngakhale Loweruka. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, woti akaimirira kupereka zolengeza ngakhale makanda ankasiya kuyamwa. Vuto lawo linali limodzi: ana ankalephera phunziro lawo ngati achita kupangana. Makamaka akafika pa masewero akale a Angerezi, aja oseketsa aja. Iwo ankawerenga n'kumaseka okha mpaka misozi, ana ali duu ngati abwera pamaliro a munthu wachilendo.

"Apa m'poyenera kuseka!" ankatero a Lackson akumenya buku.

"Tiseke kangati, aphunzitsi?" ankafunsa Patricia, mtsikana wa Fomu 4 wokhala kutsogolo, cholembera chili m'manja kuti alembe yankho.

Zinafika poti a hedi, Mayi Judith, anawachenjeza kuti zotsatira zikabweranso momwemo adzawalanda phunzirolo n'kuwapatsa zoyang'anira dimba la sukulu. Munthu wa tayi, ku dimba! Ndiye mwamwayi kapena mwatsoka, a Lackson anatumizidwa ku maphunziro a aphunzitsi m'tauni. Kumeneko anamva zimene zinawayatsa moto m'mutu, moti pobwera sanafikire n'kunyumba komwe. Anangolunjika ku ofesi, chikwama chili paphewa.

"Mayi, ndaupeza muzu wake! Masewero aja sanayambire m'buku ayi. Anayambira pabwalo, kumudzi. Angerezi akumudzi, alimi ngati ife tomwe, ankazika mtengo wautali n'kumavina mouzungulira atagwira tinsalu. Ena ankamanga timabelu m'miyendo. Wina ankavala ngati kavalo. Ndiye pankakhala tsiku loti zinthu zitembenuzike: wantchito akhale bwana, bwana akhale wantchito. Olemba masewero anangotola zimenezo n'kuziika pa nsanja. N'chifukwa chake m'masewero awo chitsiru chimalangiza mfumu, mkazi n'kumavala ngati mwamuna. Ana athu sangaseke chinthu chimene sanachione!"

"Ndiye mukufuna chiyani, a Kamphinda?"

"Tsiku limodzi lokha. Tichite chikondwerero cha ku Mangalande pano pasukulu."

"Bola sukulu isatulutse kanthu," anatero Mayi Judith, atatopa kale.

Mawu amenewo ndi amene anabala zonse, abale. Angereziwo zikondwerero zawo ankachita nyengo zosiyanasiyana, china m'chisanu, china maluwa akaphuka, koma a Lackson pofuna kusunga anaziunjika zonse tsiku limodzi ngati ndiwo za pa ukwati. Mtengo anadula bulugamu kuseri kwa zimbudzi. Timabelu anapanga ndi zitsekerero za mabotolo, kuziboola n'kuzitunga pa waya. Koma nsalu zinawavuta. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, kenako anatsegula sutikesi ya akazi awo, Mayi Loyce, iwo ali ku mjigo. Pansi penipeni anapeza zitenje ziwiri zopindidwa bwino, zonunkhira sitolo.

Paja amuna timati chili pansi pa sutikesi n'choiwalika. Amayi amene muli panonu mukudziwa kuti chili pansi pa sutikesi ndiye mtima wa munthu. Zitenje zimenezo Mayi Loyce ankasungira chinkhoswe cha mng'ono wawo. A Lackson anazilezula ndi lumo, tinsalu tatitalitali, akuimba nyimbo ya Mulungu chapansipansi.

Kenako kavalo. Anapinda nsungwi n'kupanga thupi lalitali, iwo n'kumalowa pakati, zingwe n'kukoleka m'mapewa. Anakuta thupilo ndi ziguduli zomangira fodya mpaka pansi. Mchira wa khonje, manyenje a khonje, mutu wa katoni wophimba nkhope yonse, mano a zitsononkho. Munthu aliyense wobadwira kuno, ngakhale mwana wosavala, akanangoona kamodzi n'kudziwa kuti chinthucho chikufanana ndi chiyani. A Lackson okha, poti maso awo anali ku Mangalande, ankaona kavalo.

Madzulo ake Mayi Loyce anaima pakhomo n'kuchiyang'anitsitsa. M'manja munali kansalu kakang'ono kamene anatola pansi pa bedi.

"Kodi abambo, chimenechi n'chiyani?"

"Kavalo wa Chingerezi, mayi."

"Oo."

"Ndiye pali kantchito kanu. Muphike chigumu chachikulu, muikemo nyemba imodzi. Amene aipeze ndiye Mfumu ya Chipwirikiti, alamulira tsiku lonse. Koma tamverani," apa anatsitsa mawu, "ufumu woterewu si wopatsa mwana aliyense. Pamene pali nyembapo mudinde ndi chala. Ndidzatenga ndine."

"Chabwino, bambo," anatero Mayi Loyce, n'kupinda kansalu kaja, kulowa nako m'nyumba.

Inu, mkazi akakalipa, gona tulo. Koma akangoti "chabwino, bambo," pita kwa amalume ako ukatsanzike.

Tsiku linafika. Sukulu yonse inasonkhana pabwalo la mpira, makolo ena n'kubwera kudzaonerera atamva kuti kuli za azungu. Anayamba ndi gule wa mtengo. Dzenje linali losaya, mtengo n'kumapendekeka, ndiye a Lackson anapempha a Noel, aphunzitsi a masamu, kuti augwirire. A Noel ndi munthu wofatsa, anaukumbatira ngati m'bale wawo.

"Anyamata kumanja, atsikana kumanzere, muzilukana!" anakuwa a Lackson ali m'kati mwa kavalo.

Ana anathamanga. Kumanja kwa uyu kunali kumanzere kwa uyo. Analukana, anapiringizana, tinsalu n'kumatsika, kumatsika, mpaka kufika pakhosi pa a Noel, pamimba, m'mawondo. Gule atatha, a Noel anali atamangidwa pamtengo ngati mbuzi yopita kumsika, maso okha akuphethira pakati pa maluwa a chitenje.

"Ndi mmene zimathera ku Mangalande?" anafunsa a Noel ndi mawu ofinyika.

"Pafupifupi," anatero a Lackson. "Dikirani kaye, tikumasulani tikasankha mfumu."

Anavula mutu wa kavalo, kukonza tayi, n'kulengeza lamulo ndi mawu awo a kutchalitchi aja. "Amene apeze nyemba, mawu ake ndi lamulo mpaka dzuwa kulowa! Kaya a hedi, kaya ine, tonse timvera. Wokana, ndowa ya madzi pamutu, ndipo ndi mdani wa maphunziro!"

Ana anaombera m'manja. Mayi Loyce anabwera ndi chigumu m'lichero, chodulidwa kale. A Lackson anachita ngati akusankha mwachisawawa, dzanja n'kutera ndendende pa chidutswa chodindidwa chala. Analuma. Anatafuna mosamala ngati munthu wodya nsomba ya minga. Palibe. Analumanso. Palibe. Anameza chonse, n'kuyamba kuganiza kuti mwina ufumu wapita m'mimba osatafunidwa.

Kumbuyo kwawo kunamveka kutsokomola pang'ono.

"Kodi nyemba yake ndi imeneyi?"

Mayi Loyce anali atatambasula dzanja. Pachikhatho panali nyemba yofiira, yonyezimira.

Bwalo linaphulika. Ana anawanyamula, kuwakhazika pa mpando wa a hedi, kuwaveka chisoti cha katoni chimene a Lackson anachiyeza pamutu pawo pomwe. Chinatsikira m'maso, koma mfumu inachikankhira kumbuyo n'kukhala bwinobwino ngati inabadwira pampandopo.

"Mayi," ananong'oneza a Lackson, "pachitika kulakwitsa pang'ono. Inu sindinu wa pasukulu pano."

"Munati amene apeze. Kapena ndinamva molakwa, a hedi?"

"Munamva bwino, mfumu," anayankha Mayi Judith akupukuta misozi. Paja awiriwa amakhala benchi imodzi ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi.

"Ndiye lamulo loyamba: a Noel akhale pomwepo. Nsalu zanga sindinazivalepo, ndiye wina azivaleko anthu azione. Lachiwiri: a Fomu 1 ndi Fomu 2 apite kunyumba kwanga akatonole chimanga chili pakhonde. Lachitatu..." Apa anatembenuka n'kuyang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumchira. "Ana inu, kodi ku Mangalandeko kavalo ntchito yake n'chiyani?"

"Kunyamula katundu!"

Aka kanali koyamba m'mbiri ya sukuluyo kuti kalasi yonse iyankhe funso la Chingerezi molondola, ndiponso nthawi imodzi.

"Kwanga kuli thumba la chimanga lofunika kuchigayo. Lakhala likudikira munthu wina amene amati alibe nthawi."

"Mayi, mu mwambo wake weniweni, kavaloyu ndi chizindikiro chabe cha..."

"Wokana amatani paja?"

"Ndowa!" anakuwa ana, ena atayamba kale kuthamangira ku mjigo.

A Lackson anaganiza msanga. Kukana kukanakhala kuvomera pamaso pa sukulu yonse kuti Mangalande yalephera, ndipo mutu wa katoni sukanapirira madzi. Anavala mutu uja mwaulemu ngati munthu wopita kukafera dziko lake.

"Ndipo china," inawonjezera mfumu, "kavalo sayankhula. Ndikangomva liwu limodzi la munthu, ndowa ziwiri."

Atafika kunyumba anawasenzetsa thumba pamsana pa nsungwi paja, ulendo wa kuchigayo n'kuyambika. Kutsogolo kavalo, ziguduli zikukwekwereza fumbi, zitsekerero zikulira wekhe wekhe m'miyendo. Kumbuyo patali ndithu, mfumu pansi pa ambulera, a Fomu 3 ndi Fomu 4 akuimba n'kumaomba ndowa zopanda madzi. Tsono tandiuzani, inu: chinthu cha ziguduli, chobisa nkhope, cholira m'miyendo, ng'oma zikumveka kumbuyo, m'dera lino la Nsaru, anthu angati n'chiyani?

Oyamba kukumana nacho anali amayi ochokera kudimba. Anangoti ba! kuchiona, mitolo ya mpiru n'kutaya.

"Chilombo! Chilombo uko!"

A Lackson anafuna kuwauza kuti ndi iwo, a Kamphinda a zolengeza. Koma lamulo ndi lamulo. Anangogwedeza mutu mwaulemu kupereka moni, mano a zitsononkho n'kugwedera. Amayiwo analowa m'mapesi. Wakabaza wina amene anali atanyamula mayi ndi nkhuku anasiya msewu n'kukatera m'ngalande, onse atatu akulira chinenero chimodzi. Bambo wina anagwada m'mbali mwa njira n'kuchifupa. Mkulu wa mpingo, kufupidwa! Thukuta linayenderera mpaka mu nsapato.

Linali tsiku la msika. Pofika pachigayo, anthu anagawikana pakati ngati nyanja ija ya m'Baibulo. Mafoni ali m'mwamba, aliyense akujambula atabisala kumbuyo kwa mnzake. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanasunthe: a Isaki, mkulu wa kudambwe, amene ankasewera bawo pansi pa mtengo. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kuchizungulira chinthucho, manja ali kumbuyo.

"Chilombo cha kuti chimenechi, chotuluka masana ife osadziwa? Ndiponso chosenza chimanga?"

Anachiyandikira kukhutu n'kuchifunsa funso lina m'mawu amene amamva okhawo amene anagula njira. A Lackson sanamve kanthu. Anasuzumira kudzera m'kamwa mwa kavalo, n'kuona ambulera ya mfumu ikuyandikira. Kuyankhula sakanatha, kukhala chete kunali mwano. Ndiye anachita chimene kavalo wamaphunziro angachite.

"Hiiiii-hi-hi-hi!"

A Isaki anabwerera m'mbuyo. Koma kulirako kunafika m'makutu ena. Pambali pa chigayo panali bulu wamphongo, womasulidwa pa ngolo, amene moyo wake wonse sanamvepo mawu okoma chotero. Anatukula makutu. Anayankha ndi mawu ake onse. Kenako anadula chingwe.

Abale, mwina munaonapo munthu akuthamanga. Koma simunaone mphunzitsi wa Chingerezi akuthamanga ali m'kati mwa nsungwi, thumba lili pamsana, bulu wachikondi ali pambuyo. Anadutsa pa tomato, tomato n'kukhala supu. Anadutsa pa kaunjika, n'kutuluka ndi kabudula wa mwana atakola pakhutu la kavalo. Thumba linakola pa msomali wa benchi n'kung'ambika, chimanga n'kumatayika m'njira monse, nkhuku za pamsika ponse n'kulowa nawo mumpikisano. Kumbuyo kwa nkhuku agalu. Kumbuyo kwa agalu mwini bulu ndi chikoti. Kumbuyo kwa mwini bulu a Isaki, akukuwa kuti chinthucho chisathawe chisanayankhe. Ndipo kumapeto kwenikweni mfumu, osathamanga, ikungoti, "Ombani ndowa, ana inu, musasiye!"

Munthu akapanikizika miyendo imakumbuka kwawo. Miyendo ya a Lackson inalunjika kutchalitchi, kumene chitseko chinali chotsegula. M'katimo abusa ankaphunzitsa akalasi ofuna kubatizidwa, ndipo anali atangofika pa mfundo yoti woyipayo akamabwera sagogoda.

Wekhe wekhe wekhe, phwa!

Mutu wa kavalo unalowa. Thupi linakana. Nsungwi zinapanikizika pa mphuthu za chitseko, theka m'tchalitchi, theka panja. Akalasi anatulukira m'mawindo, ngakhale agogo ena amene ankati bondo silipinda. Panja bulu anafika, kununkhiza, n'kuyamba kudya mchira wa khonje mwachifatse, a Lackson akuponya zidendene.

Abusa ndi munthu wolimba mtima, tisawanamizire. Anaika Baibulo patebulo, kuyandikira akupemphera mokweza, n'kugwira makutu a katoni aja, kuzula. Pansi pake panatuluka nkhope yonyowa, magalasi opendekeka, ndi tayi.

"A Kamphinda!"

A Lackson anasuzumira pawindo. Dzuwa linali lidakali m'mwamba. Pakhomo lakumbali panali pataima mfumu, ndi anyamata awiri onyamula ndowa, zodzaza tsopano.

"A Kamphinda, ndikukufunsani! N'chiyani chimenechi m'nyumba ya Mulungu?"

Anayang'ana abusa. Anayang'ana ndowa. Anatsegula pakamwa.

"Hiii," anatero chapansipansi.

Anawatulutsa ndi sowo. A Noel anakumbukiridwa dzuwa litapendeka, ng'ombe zikubwerera kukhola, ndipo akuti mpaka lero akaona chitenje cha maluwa amasintha njira.

Milandu inabwera iwiri. Woyamba unali wa akuluakulu a mpingo. A Lackson anapita ndi mabuku, n'kufotokoza za alimi a ku Mangalande, za mtengo, za olemba masewero, mpaka akulu ena anayamba kusinza. Atamaliza, mkulu wina wokalamba anakweza dzanja.

"Tingofunsako pang'ono. Chinthucho chimavala ziguduli?"

"Eya, koma..."

"Chimabisa nkhope?"

"Mwa luso la zisudzo, eya."

"Amayi anathawa?"

"Chifukwa chosamvetsa."

"Anakufupani?"

A Lackson anayang'ana pansi.

"Ndiye mukutiuza kuti Angerezi aja anabwera kuno kudzatiletsa gule, kwawo atasiya wawo akuvinidwa?"

"Tinganene kuti... m'njira ina, eya."

Akuluwo anapukusa mitu. Nkhaniyi inawapweteka kuposa ya kavalo. Pomaliza anagamula kuti a Lackson apume kaye pa zolengeza, azikhala benchi yakumbuyo mpaka anthu ataiwala, ndipo akonzetse mphuthu za chitseko.

Wachiwiri unali wa a Isaki ndi anzawo, amene ankati munthu wosagula njira wanyoza mwambo, ndipo mbuzi iyenera kugwa. A Lackson anapita. Koma asanayambe kukamba, wina anatulutsa foni n'kuonetsa kanema wa pamsika uja. Akuluwo anaunjikana. Anaonera. Anabwereza. A Isaki anaseka mpaka anagona chammbali, akupempha madzi.

"Aphunzitsi, pitani kwanu," anatero atapezako mpweya. "Palibe mlandu. Ife timati mwaba gule wathu, koma uku si kuvina ayi, awa ndi matenda. Chilombo chathu sichinathawepo bulu."

Mukhoza kuganiza kuti a Lackson anakondwa. Ayi ndithu. Benchi yakumbuyo anaipirira, koma mawu akuti matenda anawakhala pamtima. Njira yonse ankang'ung'udza kuti mapazi ankaponya bwino, vuto linali thumba.

Chodabwitsa n'chakuti kusukulu zinthu zinasintha. A Lackson akangotsegula buku la masewero aja, ana ankayamba kuseka asanawerenge n'komwe. Akafika poti wantchito wapusitsa bwana wake, kalasi inkagwa pansi. Akafika poti munthu wodzikuza wachititsidwa manyazi pagulu, ena ankachita kutuluka panja kukapuma. Mayeso oyeserera atabwera, ana analemba masamba ndi masamba, moti Mayi Judith za dimba sanazitchulenso. M'malo mwake anayamba kunena zoti chikondwererocho chizichitika chaka ndi chaka, ndipo Mayi Loyce, amene anapita kuchinkhoswe atavala zitenje zatsopano zitatu, anati chigumu adzaphika ulere.

Tsiku lina m'kalasi, Patricia anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pali chimodzi sindikumvetsa. Ngati zikondwererozi zinkakoma chonchi pabwalo, n'chifukwa chiyani Angereziwo anazisamutsira pa nsanja, poti aliyense azingonena mawu amene wolemba wamulembera?"

A Lackson anavula magalasi. Anayang'ana pawindo, kumene patali Mayi Loyce ankayanika ufa pamphasa akuimba. Anapuma mozama ngati munthu amene wafufuza nkhaniyo mpaka kumchira.

"Tengani zolembera, ili likhoza kubwera pa mayeso," anatero. "Nawonso anali okwatira."